Chris Wickham, pulofesa amene anafufuza kutha kwa Roma m'mapale ndi m'makalata a msonkho

Munthu ukamva zoti wina ndi pulofesa wa mbiri ya Middle Ages, ija nyengo ya ku Ulaya yoyambira cha m'ma 500 kukafika cha m'ma 1500, chomwe chimabwera m'mutu ndi mafumu ovala zisoti zagolide, asilikali apakavalo ndi nkhondo zachipembedzo basi. Nde ukatsegula mabuku a Chris Wickham umadabwa, chifukwa masamba ambiri akukamba za msonkho, lendi ya munda ndi mapale a mbale zosweka. Mafumu alimo inde koma amangodutsamo. Funso limene mkuluyu analigwira kuyambira ali mnyamata mpaka kupuma pantchito ndi limodzi lokha: mlimi akakolola, amene amamulanda gawo la zokololazo ndi ndani, amalanda bwanji, ndipo akalanda zimapita kuti? Iwo amati ukayankha limenelo ndiye kuti zambiri za nthawi imeneyo wazimvetsa, kuyambira kukula kwa mizinda mpaka mphamvu za mfumu.

A Wickham ndi a ku Britain, anabadwa mu 1950, anaphunzira ku Keble College ku yunivesite ya Oxford ndipo digiri yaudokotala anamaliza mu 1975. Mutu wa kafukufuku wawo unali wochepa zedi ukauona koyamba, chuma ndi kakhalidwe ka anthu kumpoto kwa Tuscany ku Italy m'zaka za m'ma 700. Dera limodzi, zaka handiredi zokha. Chinawakokera kumeneko ndi mzinda wa Lucca, komwe ofesi ya bishopu inasunga makalata akale olembedwa pazikopa ochuluka modabwitsa, mazana ndi mazana a chaka cha 1000 chisanafike, ambiri ali enieniwo osati okopera. Madera ambiri a ku Ulaya a nthawi imeneyo ukapeza makalata khumi umathokoza, nde Lucca kwa wofufuza ndi mgodi.

Kalata yotereyi ndiyofunika tiyione pafupi chifukwa ntchito yonse ya mkuluyu inayambira pamenepo. Ndi kachikopa ka nkhosa, kolembedwa m'Chilatini chosokonekera chomwe aphunzitsi a Chilatini chenicheni angachithe ndi cholembera chofiira. Pamwamba mlembi amayamba ndi dzina la Mulungu kenako deti, ndipo deti lake si la chaka ngati mmene timachitira ife, amalemba kuti chaka chakutichakuti cha ulamuliro wa mfumu Liutprand kapena Desiderius, mafumu a anthu otchedwa Lombards omwe analowa mu Italy cha mu 568 nalamulira mpaka Charlemagne, mfumu ya mtundu wa a Franks, atawagonjetsa mu 774. Kenako nkhani yake: uje akugulitsa munda wa mpesa, kapena akuupereka ku tchalitchi kuti mzimu wake ukapeze mpumulo, kapena akubwereka munda kwa bishopu nalonjeza kuti chaka chilichonse azipereka gawo la vinyo, gawo la tirigu, mwinanso masiku angapo okalima m'munda wa bwana. Malire amawafotokoza potchula oyandikana nawo, mbali iyi munda wa uje, mbali iyo msewu, kumunsi mtsinje. Pamapeto pali chindapusa cha wophwanya pangano, kenako mboni, odziwa kulemba amasaina okha, osadziwa amangoikiridwa kamtanda.

Kalata imodzi yotere siikuuza kanthu kwenikweni. Koma ukakhala nazo makumi angapo za mudzi umodzi, mayina amayamba kubwerezeka, amene anali mboni apa ndi yemwe munda wake ukutchulidwa m'malire apo, mwana wake patapita zaka 30 akubwereka munda womwe bambo ake anaupereka ku tchalitchi, nde pang'onopang'ono mudzi umayamba kuoneka, ndani anali ndi minda yambiri, ndani amadalira ndani, banja liti likukwera liti likutsika. Vuto lake lilipo ndipo a Wickham amalinena poyera: makalata amene anapulumuka ndi okhawo okhudza minda yomwe inathera m'manja mwa tchalitchi, chifukwa tchalitchi ndi chomwe chinali ndi mabokosi osungira zinthu kwa zaka 1,000. Mlimi amene sanagulitse kanthu kwa ansembe dzina lake linapita ndi mphepo. Choncho uyenera kumawerenga uku ukukumbukira kuti ukusuzumira pa kabowo kamodzi.

Mu 1977 anapeza ntchito yophunzitsa ku yunivesite ya Birmingham ndipo anakhalako mpaka 2005, zaka 28 pamalo amodzi, kukwera makwerero a ku Britain aja, lekichara, kenako udindo wapakati, mpaka upulofesa kumayambiriro kwa ma 1990. Birmingham sinali malo wamba pa nkhani zimenezi. Kunali Rodney Hilton, katswiri wa mbiri ya alimi a ku England ndi kuukira kwawo kwa mu 1381, mmodzi mwa akatswiri otsatira maganizo a Karl Marx omwe anayambitsa magazini ya akatswiri ya Past and Present mu 1952. A Wickham nawonso sabisa, amanena okha kuti kaganizidwe kawo ndi ka Marx, ndipo patsogolo pake anadzakhala mkonzi wa magazini yomweyo kwa zaka zambiri. Ena akamva dzina la Marx amayamba kale kukwinya nkhope, koma apa si nkhani ya chipani ayi, ndi njira yofunsira mafunso, kuti poyamba penipeni ona amene akugwira ntchito ndi amene akudya thukuta lake, zinazo zibwere pambuyo.

Nkhani yomwe inawatchukitsa kunja kwa gulu la akatswiri a Italy inatuluka mu 1984 m'magazini ija, mutu wake The Other Transition. Mfundo yake ndi yakuti pali njira ziwiri zazikulu zolandira mlimi zokolola. Ina ndi msonkho, womwe boma limatenga kwa aliyense kaya munda ndi wake kaya ayi. Ina ndi lendi, yomwe mwini munda amatenga kwa amene akulima pamalo pake. Kwathu kuno agogo athu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu anaziona zonse ziwiri nthawi ya atsamunda, msonkho wa nyumba wopita ku boma uku thangata wopita kwa mwini esiteti, munthu mmodzi zikwama ziwiri zomudikira. Ufumu wa Roma unalinso ndi zonse ziwiri, koma msonkho ndi umene unali msana wa chilichonse. Msonkho wa minda ndi womwe umalipira asilikali kumalire, kulipira akalaliki a boma, kudyetsa mzinda wa Rome ndi wa Constantinople. Ndipo kutolera msonkho wotere si masewera, pamafunika kaundula wa minda, anthu odziwa kulemba m'tauni iliyonse, nkhokwe, misewu, zombo.

Nde mafumu atsopano atalowa kumadzulo, a Franks ku Gaul (dera lomwe mbali yake yaikulu lero ndi France), a Visigoths ku Spain, a Lombards ku Italy, asilikali awo sanali a malipiro a pamwezi, anapatsidwa minda kuti azidya lendi. Asilikali akakhala pa minda, chifukwa chachikulu chovutikira ndi msonkho chatha. Sikuti mafumuwo anauthetsa tsiku limodzi, ena anayesa kupitiriza ndithu, koma kaundula anasiya kukonzedwa, anthu amphamvu anayamba kupempha kuti asamakhome, mpaka pofika m'ma 600 msonkho wa minda ku Gaul unali utangotsala dzina, ndipo ku Italy ya a Lombards unali utatheratu. Boma lodalira minda yake yokha ndi lofooka kuposa boma la msonkho, chifukwa mfumu ikafuna kugula kukhulupirika kwa munthu imamupatsa munda, ndipo munda ukaupereka wapita, pamene msonkho umabweranso chaka chamawa. Kwa a Wickham kutha kwa Roma kumadzulo ndi kumeneku, osati kwenikweni chaka cha 476 chomwe timaloweza, pomwe mkulu wa asilikali Odoacer anachotsa pampando kamnyamata Romulus Augustulus, mfumu yomaliza ya Roma kumadzulo.

Poyamba iwo ankati msonkho ndi lendi ndi mitundu iwiri yosiyaniranatu ya chuma. Akatswiri ena, makamaka John Haldon wa mbiri ya Byzantium (mbali yakummawa ya ufumu wa Roma yomwe inapitirira), anatsutsa kuti ayi, kwa mlimi zonsezo ndi kulandidwa kumodzi, kusiyana kuli pa amene akulandayo. A Wickham pambuyo pake anavomera mfundoyo nasintha kafotokozedwe, koma kusiyana kwa boma la msonkho ndi boma la minda anakusunga.

Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zambiri anathera pa kafukufuku wa Tuscany komweko. Buku lawo loyamba, Early Medieval Italy, linatuluka mu 1981. Mu 1988 kunabwera The Mountains and the City, loyerekeza zigwa ziwiri za m'mapiri, Garfagnana ndi Casentino, kuona mmene mzinda umafikira anthu a kumapiri kudzera m'minda ndi m'matchalitchi. Kenako lina la mmene midzi yozungulira Lucca inayambira kukhala ndi mabungwe ake odzilamulira m'zaka za m'ma 1100, ndi linanso la milandu ndi makhoti, loonetsa kuti anthu pa mlandu wa munda samangodalira lamulo lolembedwa, amadalira zomwe mudzi wonse unaona ndi maso, monga kupita kukadula mtengo kapena kukolola pamunda wokanganiranawo masana dzuwa likuswa mtengo kuti aliyense adziwe kuti ukuti ndi wako. Chosangalatsa n'chakuti mabuku ena mwa amenewa anayamba kutuluka m'Chitaliyana, Chingerezi chinabwera pambuyo. Mzungu wa ku England kulembera eni dziko mbiri yawo m'chilankhulo chawo iwo n'kumamuwerengera ngati mnzawo, sizichitikachitika. Nthawi yomweyo anayamba kuyenda ndi akatswiri ofukula zakale, monga gulu la Richard Hodges lomwe limakumba nyumba ya amonke ya San Vincenzo al Volturno, ndipo apa ndi pomwe anazolowera kuwerenga malipoti a zofukula, chinthu chomwe akatswiri ambiri a makalata nthawi imeneyo amachiona ngati cha anthu ena.

Kuti mumvetse chifukwa chake buku lawo la mu 2005 linapanga phokoso, muyenera kudziwa mkangano womwe analowamo. Edward Gibbon kuyambira 1776 anaphunzitsa Azungu kuona nyengoyi ngati kugwa kwa chitukuko, akunja ndi chipembedzo kugwetsa nyumba yokongola. Henri Pirenne wa ku Belgium, m'buku lomwe linatuluka mu 1937 iye atamwalira kale, anati ayi, mafuko a ku Germany sanaononge kanthu kwenikweni, malonda a pa nyanja ya Mediterranean anapitirira mpaka Aluya atalanda gombe lakummwera m'ma 600, ndiye amene anadula Ulaya pakati. Peter Brown mu 1971 anabwera ndi kaonedwe kena, koti tisamangolira maliro a Roma, nyengoyi inali yodzaza ndi zatsopano pa chipembedzo ndi chikhalidwe, ndipo ophunzira ambiri anamutsatira mpaka mawu oti kugwa anayamba kumveka achikale. Nde mu 2005 momwemo Bryan Ward-Perkins anatulutsa buku lobwezera, lonena kuti anthu inu musanamizane, zinthu zinagwadi, onani mbale, onani madenga a nyumba, ngakhale ng'ombe zinachepa msinkhu. Aliyense anali ndi umboni, kungoti aliyense amatola umboni kudera lomwe likugwirizana ndi mfundo yake.

Framing the Early Middle Ages ndi chibuku cha masamba pafupifupi 1,000, chokamba zaka za 400 mpaka 800, ndipo chomwe a Wickham anachita ndi kukana kusankha dera limodzi. Anatenga madera khumi, kuyambira Denmark ndi Ireland kumpoto mpaka Egypt ndi Syria, nafunsa dera lililonse mafunso omwewo, boma limapeza bwanji chuma, eni minda akuluakulu anali olemera motani, alimi anali omasuka motani, mizinda ndi malonda zinali bwanji. Zikumveka zophweka koma tangoganizani, dera lililonse lili ndi akatswiri ake olemba m'chilankhulo chawo, Chifalansa, Chijeremani, Chisipanishi, Chitaliyana, ndipo kawirikawiri sawerengana, aliyense amaona ngati zomwe zinachitika kwawo ndiye zinachitika kulikonse. Munthu mmodzi kukhala pansi n'kuwerenga zonsezo ndi ntchito ya zaka. Bukuli linapata mphoto ya Wolfson, ya Deutscher, ndi ina ya bungwe la akatswiri a mbiri ku America.

Tsono za mapale zija. Chifukwa chake mapale ndi ofunika n'chakuti saola. Nsalu zinaola, tirigu anadyedwa, matabwa anapsa, koma mbale yadothi ikasweka zidutswa zake zimakhala m'nthaka mpaka kalekale, ndipo dothi lake limaulula komwe inaumbidwa. Ku Rome kuli phiri lotchedwa Monte Testaccio, lotalika pafupifupi mamita 35, lomwe si phiri lachilengedwe ayi, ndi mulu wa mitsuko yosweka mamiliyoni ambiri yomwe inabweretsa mafuta a maolivi, yambiri kuchokera kummwera kwa Spain. Koma mboni yaikulu ya a Wickham ndi mbale zofiirira zonyezimira zomwe zimaumbidwa kudera lomwe lero ndi Tunisia, akatswiri amazitcha African Red Slip. Maonekedwe a milomo ndi matako a mbalezi amasintha m'kupita kwa zaka, ndipo John Hayes mu 1972 anazisanja bwinobwino moti wofukula akatola kachidutswa amatha kunena kuti aka ndi ka zaka zakutizakuti. M'zaka za m'ma 300 ndi 400 mbale zimenezi zimapezeka paliponse kuzungulira Mediterranean, osati m'nyumba za olemera zokha, ngakhale m'midzi ya kutali ndi gombe, zina pambuyo pake zinakafika mpaka ku Tintagel ku Britain.

Nanga mbale yotchipa imayenda bwanji mtunda wonsewo osakwera mtengo? Yankho lawo ndi msonkho uja. Chaka chilichonse zombo zimanyamula tirigu ndi mafuta a msonkho kuchoka ku Carthage, doko lalikulu la dera la Tunisia lija, kupita ku Rome, ulendo wolipiridwa kale ndi boma, nde eni zombo amangoponyamo katundu wawo wogulitsa pamwamba. Malonda amakwera pamsana pa boma. A Vandals, umodzi mwa mafuko a ku Germany aja, atalanda Carthage mu 439, tirigu wa msonkho anasiya kupita ku Rome, ndipo mapale akuonetsa kuti kuchokera pamenepo mbale zija zinayamba kuchepa, osati tsiku limodzi koma pang'onopang'ono, kusowa kumidzi kaye, kenako kumatauni ang'onoang'ono, kutsala m'madoko akuluakulu okha, mpaka kutheratu cha m'ma 700. Apa ndi pomwe mfundo ya Pirenne imagwera, chifukwa pomwe Aluya amalanda Carthage mu 698 malonda aja anali atafooka kale kwa zaka zoposa 200. Rome yemwe, mzinda womwe akatswiri amayerekeza kuti unali ndi anthu pafupifupi theka la miliyoni cha mu 400, unatsala ndi anthu masauzande makumi ochepa chabe.

Koma ukayang'ana dera ndi dera nkhani imasiyana kwambiri, ndipo apa ndi pomwe bukuli limakoma. Ku Britain zinthu zinagweratu pansi, m'zaka zochepa Aroma atachoka kumayambiriro kwa ma 400 anthu anasiya kugwiritsa ntchito ndalama, matauni anasanduka mabwinja, ngakhale luso loumba mbale pa gudumu linatayika, anthu kubwerera koumba ndi manja. Ku Egypt kunalibe zoterozo. Kumeneko mchenga wouma unasunga makalata a pa gumbwa, ndipo m'tauni ina yotchedwa Aphrodito munapezeka makalata a bwanamkubwa wachiluya Qurra ibn Sharik, a cha mu 710, olembera mkulu wa deralo dzina lake Basileios, ena m'Chigiriki ena m'Chiarabu. Nkhani zake ndi zomwezo kubwerezabwereza, msonkho wachedwa tumiza msanga, anthu othawa msonkho uwabweze kwawo, tikufuna amalinyero a zombo zankhondo, tikufuna amisiri okamanga mzikiti ku Damascus, ukapanda kutero uona. Olamulira asintha, chipembedzo cha olamulira chasintha, koma makina a msonkho omwe Aroma anasiya akuyendabe, ndipo mizinda ya Egypt ndi misika yake zinakhalabe zamoyo. Nde funso loti kodi Roma anagwa kapena anangosintha, yankho la a Wickham ndi loti zitengera waima pati.

Gawo lomwe ine limandigwira mtima ndi la alimi. Mu nthawi ya Roma kunali mabanja olemera moopsa, mayi wina dzina lake Melania yemwe anagulitsa chuma chake kumayambiriro kwa ma 400 kuti atumikire Mulungu anali ndi minda ku Italy, Sicily, Africa, Spain mpaka Britain. Ufumu utagawikana zoterozo sizikanathekanso, eni minda anasanduka a dera limodzi ndipo m'madera ambiri anasauka, kupatula kwa a Franks komwe anakhalabe olemera ndithu. Tsono eni minda akasauka sagulanso katundu wapamwamba, amisiri amasowa msika, mbale zokongola zimasowa, wofukula akafika amati apa panali umphawi. Koma umphawi wa ndani? A Wickham amati dikirani kaye, ngati wokhometsa msonkho wasowa ndipo bwana wa munda wafooka, ndiye kuti mlimi akusunga gawo lalikulu la zomwe walima. Mbale yake ndi yonyansa inde koma mwina muli chakudya chambiri kuposa mbale yokongola ya agogo ake. Amapitirira kunena kuti m'madera ena alimi omasukawo sankaona chifukwa cholimira mopitirira muyeso, zotsala amagawana ndi abale kapena kuphikira phwando kuti apeze ulemu pamudzi, ndipo kusachulukitsa zokolola kumeneko kunali kusankha osati ulesi kapena umbuli. Ku England ya m'ma 700 komwe makalata a midzi kulibe, anachita kupeka mudzi wongoyerekeza naupatsa dzina loti Malling, akunena poyera kuti ndi wopeka, kuti aonetse mmene mudzi wotere ukanayendera. Ufulu umenewu sunakhalitse, kuyambira cha m'ma 800 eni minda anayambanso kulimba ndipo pofika 1000 alimi ambiri a kumadzulo anali atatsekeredwanso pansi pa mabwana.

Pamenepa ine ndimaona kuti umboni ndi wopyapyala kuposa mmene mfundoyo imakomera. Zoti eni minda anasauka, mapale ndi mabwinja a nyumba akuonetsa. Zoti mlimi amakhuta kuposa kale ndi kuganiza kwanzeru koma kovuta kutsimikiza, chifukwa nthawi yomweyo kunali nkhondo, kulanda akapolo, ndi mliri womwe unayamba mu 541, nde munthu womasuka ku msonkho akhoza kukhala yemweyo amene mudzi wake wawotchedwa. Ena anadandaula kuti buku lonseli chipembedzo mulibe, zaka 400 zomwe Chikhristu chinafalikira Ulaya ndi Chisilamu chinabadwa koma tchalitchi chikungooneka ngati mwini minda basi. Jairus Banaji, yemwenso ndi wa maganizo a Marx, anatsutsa kuti a Wickham anachepetsa mphamvu zomwe eni minda anakhala nazobe pa antchito awo. Zodandaula zimenezi n'zomveka, koma onse otsutsawo amakangana pabwalo lomwe bukulo linalambula, ndipo kuyambira pamenepo n'kovuta kulemba za nyengoyi osatchula mapale.

Chaka chomwecho cha 2005 anabwerera ku Oxford kukakhala pa mpando wa Chichele Professor of Medieval History, kulowa m'malo mwa Rees Davies. Ku mayunivesite akale a ku Britain kuli mipando ya upulofesa yokhala ndi mayina, umodzi munthu mmodzi, akachoka ndi pomwe amasaka wina, ndipo uwu ndi umodzi mwa yolemekezeka kwambiri pa mbiri ya nyengoyi, Richard Southern anakhalapo m'ma 1960. Mpandowu umayendera limodzi ndi All Souls College, yomwe inakhazikitsidwa mu 1438 ndi Henry Chichele, bishopu wamkulu wa Canterbury, koleji yachilendo yopanda ana a digiri yoyamba, muli akatswiri okhaokha. Anali atasankhidwa kale kulowa mu British Academy mu 1998. Ali ku Oxford analemba The Inheritance of Rome mu 2009, buku la anthu wamba lokamba zaka za 400 mpaka 1000, momwe anabwezeramo chipembedzo ndi chikhalidwe zomwe anthu amadandaula zija, ndipo limayamba ndi kudzudzula zizolowezi ziwiri, chofufuza m'nyengoyi chiyambi cha mayiko a lero ngati kuti Clovis, mfumu ya a Franks, amadziwa kuti akumanga France, ndi choiona ngati kanjira kamdima kongodutsamo popita ku chitukuko cha masiku ano. Mfundo yomweyo ili m'kabuku ka mu 2015 kokamba za Milan, Pisa ndi Rome, Sleepwalking into a New World, koti anthu omwe anayambitsa maboma odzilamulira a mizinda ya Italy cha m'ma 1100 sankadziwa kuti akuyambitsa chinthu chatsopano, amangozigamba zinthu tsiku ndi tsiku chifukwa mphamvu za mfumu ndi za bishopu zinali zitafooka, maso awo ali ku ulemu wachikale.

Anapuma mu 2016 ndipo mpando uja unapita kwa Julia Smith, mayi woyamba kuukhala. Koma kupuma kwa anthu awa kumangotanthauza kusiya misonkhano ya ofesi ndi kuchonga mayeso, dzina la upulofesa amakhala nalobe ndipo laibulale imakhala yotsegula. Chaka chomwecho anatulutsa Medieval Europe, mu 2020 mpaka 2021 anakagwirizira udindo wa mkulu wa British School at Rome, kenako mu 2023, ali ndi zaka 73, anatulutsa chibuku china chachikulu, The Donkey and the Boat, kunena bulu ndi bwato, chokamba chuma cha Mediterranean kuyambira 950 mpaka 1180.

Chomwe akulimbana nacho umu ndi nkhani yomwe imaphunzitsidwa kawirikawiri, yomwe Roberto Lopez anaitchukitsa, yoti amalonda a ku Venice, Genoa ndi Pisa ndi zombo zawo ndi amene anadzutsa chuma cha Mediterranean. A Wickham anayerekezanso madera, Egypt, Tunisia ndi Sicily, Byzantium, Spain ya Asilamu, ndi kumpoto kwa Italy, pogwiritsa ntchito mapale aja komanso makalata a ku Cairo Geniza. Geniza imeneyi ndi kachipinda ka m'sunagoge wa Ben Ezra ku Fustat (Cairo wakale), komwe Ayuda amaponyamo pepala lililonse lolembedwa m'zilembo za Chiheberi poopa kutaya kudzala chinthu chomwe mwina chili ndi dzina la Mulungu, nde kwa zaka mazana munadzaza chilichonse, mapemphero, makalata a ukwati, malisiti, makalata a amalonda odandaula za mitengo ndi zombo zochedwa. Solomon Schechter anatengako zidutswa zoposa 190,000 kupita nazo ku Cambridge cha mu 1897. M'makalata amenewa katundu wamkulu si zonunkhiritsa zodula ayi, ndi fulakesi, mbewu yopangira nsalu za bafuta, yomwe amalonda amakagula m'midzi ya ku Egypt n'kutumiza mabelo ku Tunisia ndi Sicily kuti akaluke.

Mfundo yawo ndi yoti bwato limabwera pambuyo pa bulu. Malonda akutali amakula pokhapokha ngati mkati mwa dera lililonse muli kale anthu ogula, eni minda olemera komanso alimi omwe ali ndi kenakake m'thumba, ndi katundu wambiri woyenda mitunda ifupiifupi pamsana pa bulu kuchoka kumudzi kupita kutauni yapafupi. Poyeza motero, dera lomwe linali patsogolo pa onse m'zaka zimenezi ndi Egypt, lomwe msonkho wake sunaduke chiyambire nthawi ya Aroma, pamene kumpoto kwa Italy chuma cha mkati chinachedwa, chinayamba kufika pa msinkhu wa anzawo m'kati mwa zaka za m'ma 1100. Zombo za Genoa ndi Pisa zinalipo ndithu ndipo zinapindula, koma zinakalowa m'misika yomwe Aiguputo, anthu a ku Sicily ndi a ku Byzantium anali atamanga kale.